Injini Ikamaliza Mluzu ndi Kulephera Citunda

Miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti ndiyo nyengo imene malole a m'dziko la Mfumu Kalindawalo sapumula. Cimanga cifuna kufika ku madepo a Food Reserve Agency ndi kwa ogula ena, nshawa, soya ndi mpendadzuwa zifuna kupita ku Petauke, thonje lilindira pa misika yace, ndipo nthoci za ku Nyimba sizilindira munthu, pakuti zikapsa zapsa. Nyengo yomweyi ndiyo ya fumbi lambiri m'misewu ya kwa Mumbi, kwa Mwanjawanthu, kwa Nyamphande ndi kwa Ndake.

Pa nthawi yotere eni magalimoto ambiri adandaula cinthu cimodzi. Ati galimoto iliza mluzu pamene ikoka, itulutsa utsi wakuda, ndipo citunda cimene kale inali kukwera ndi giya yacitatu tsopano icikwera ndi yoyamba. Dandaulo limeneli licuruka pa magalimoto okhala ndi turbo, makamaka amene anasinthidwa kanthu pa injini kuti akhale ndi mphamvu yoposa. Mwini akathamangira kugula turbo yatsopano asanafufuze, kawirikawiri ataya ndalama za matumba ambiri pa nthenda imene ikanacira ndi comangira cimodzi. Akanyozera phokosolo, angathe kupha injini yonse zokolola zisanacoke pakhomo.

INJINI IPUMA MONGA MUNTHU

Injini ya dizilo siyenda ndi dizilo yekha. Kuti lita imodzi ya dizilo ipse bwino ifuna mpweya wosacepera malita 10,000, ndiwo madiramu 50 a malita 200. Mpweya ukacepa, dizilo wina sapsa koma asanduka mwaye, ndipo mwayewo ndiwo utsi wakuda umene uoneka kumbuyo. Utsi wotere ndi ndalama za mlimi zimene zikuuluka.

Mpweya sulemera cimodzimodzi ponseponse. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya upepuka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena pafupi pamenepo. Mlato wa pa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, uli m'cigwa cosafika mamita 500 pamwamba pa nyanja ya mcere, koma Lusaka ali pa mamita oposa 1,200. Tsono lole yocoka ku Nyimba ndi katundu itsika podzera ku Kacholola, niwoloka mtsinje, niyamba kukwera mapiri a Manenekela. Pamenepo injini ifuna mpweya wambiri pamene mpweyawo ulikupepuka. Ndico cifukwa cace nthenda yobisika pa msewu wosalala ionekera poyera pa mapiri amenewa.

NCHITO YA TURBO

Amene anaona wosula makasu adziwa nchito ya mvukuto: makala omwewo ayaka kolimba akauziridwa mpweya. Turbo ndiyo mvukuto wa injini. Nzeru imeneyi anailembetsa Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905, ndipo kampani ya Saurer ya m'dziko lomwelo inaiika pa injini za malole mu 1938.

M'kati mwa turbo muli timagudumu tiwiri ta mapiko, tolumikizidwa ndi kamtengo kamodzi ka citsulo. Utsi wotentha wocoka m'injini uzunguza gudumu loyamba. Laciwiri, pozungulira pamodzi nalo, likoka mpweya wodzera m'sefa niliukankhira m'injini mopanikiza. Mpweya wopanikizidwa utentha, motero magalimoto ambiri ali ndi cozizitsira cace, cooneka ngati redieta, cimene amakaniko acicha intercooler. Palinso kacitseko kochedwa wastegate, kamene katseguka mphamvu ikafika pa muyeso wace, nikalambalalitsa utsi wina kuti turbo isapitirire malire.

Injini ya lole izungulira ka 2,000 kapena ka 3,000 pa mphindi imodzi, koma turbo ipitirira ka 100,000. Kamtengo kace sikakhudza citsulo cinzace; kayandama pa oilo wopyapyala wocokera m'injini. Cifukwa cace adani a turbo ali atatu: fumbi, oilo wakuda kapena wocepa, ndi kutentha kopyola muyeso.

KUCHERA KHUTU

Turbo yamoyo iliza kamluzu kakang'ono kosalala, ndipo kameneko si nthenda. Cofunika ndi kuzindikira kulira kwacilendo, ndi nthawi imene kumveka.

Phokoso lakuti fwii, longa la tayala lobooka, limene likula woyendetsa akaponda mafuta pa citunda nilileka akacotsa phazi, litanthauza kuti mpweya wopanikizidwa ulikuthawa pakati pa turbo ndi injini. Paipi ya mphira yang'ambika, comangira camasuka, kapena intercooler yabooka ndi mwala. Imeneyi ndiyo nthenda yofala koposa, ndiponso yosafuna ndalama zambiri. Pamalo pothawira mpweya pakhala ponyowa ndi oilo wogwira fumbi, pakuti mpweyawo unyamula timadontho ta oilo.

Kubuula kwa kukhosi, pamodzi ndi paipi ya pakati pa sefa ndi turbo imene iphwatalala injini ikathamanga, kutanthauza kuti sefa yatsekeka. Turbo ilikukoka koma palibe coti ikoke.

Phokoso logunda msangamsanga motsata kuthamanga kwa injini, lomveka kwambiri m'mawa injini ili yozizira, licokera ku mbali ya utsi. Gasiketi yapsa kapena bawuti laduka, ndipo utsi uthawa usanafike pa turbo. Cizindikiro cace ndi mwaye wakuda pa citsulo ca pafupi. Utsi wothawawo ndiwo unayenera kuzunguza turbo, motero mphamvu icepa.

Kulira kwakuthwa konga kwa ambulansi, kokwera ndi kutsika pamodzi ndi injini, kapena phokoso la zitsulo zokhulana, ndiko koopsa. Mapiko abenthuka kapena kamtengo kagwedera. Galimoto yotere iyenera kuima pomwepo, pakuti zibenthu zikalowa m'injini zipha mapisitoni ndi mavalavu.

UTSI SUNAMA

Utsi wakuda unena kuti dizilo wacuruka kuposa mpweya. Utsi wobiriwira ngati mtambo, wonunkha oilo, unena kuti injini ilikutentha oilo, kaya wocokera m'turbo kaya wodutsa pa mapisitoni otha. Utsi woyera wosaleka injini itatentha kale unena kuti dizilo sakupsa konse, kapena madzi alowa m'malo oyakira moto. Koma galimoto ikafooka popanda utsi ndi popanda phokoso, kawirikawiri colakwa sicili ku mpweya. Dizilo ndiye sakufika wokwanira, ndipo turbo ilibe mlandu.

KAFUFUZIDWE KACE

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wofufuza ayambe ndi zosafuna ndalama, natsirize ndi zodula. Injini ikhale yozima ndi yozizira, makiyi ali m'thumba.

1. Ayambe kunja kwa injini. Awerenge matumba: lole ya matani atatu inapangidwira matumba 60 a makilogalamu 50, ndipo ikasenza 90 idzafooka ngakhale injini ili bwino. Aone ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira. Ataima pa ulendo, ayandikize dzanja pa gudumu lililonse. Limene latentha kuposa anzace lili ndi buleki yogwira. Injini ikamakuwa koma liwiro osaonjezeka, kilachi ndiyo yatha. Ayang'anenso kunsi, kapena paipi ya utsi inaphwanyidwa ndi citsa.

2. Atulutse sefa ya mpweya naiyang'anitse ku dzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, sefa yatsekeka. Kukadutsa pa kabowo kamodzi kowala kwambiri, sefa yabooka ndipo iyenera kutayidwa.

3. Apititse cala m'kati mwa paipi yocoka ku sefa kupita ku turbo. M'menemo muyenera kukhala moyera. Cala cikatuluka ndi fumbi, ndiye kuti fumbi lilikulowa m'injini podzera pa sefa yosakhala bwino kapena pa mng'alu. Nthenda imeneyi siliza mluzu waukuru, koma idya mapiko a turbo ndi makoma a injini monga mcenga udya khasu.

4. Atsate mapaipi onse kuyambira pa turbo, kudzera pa intercooler, kufikira pa injini. Afinye paipi iliyonse ndi dzanja, ayang'ane kunsi ndi m'makona, pakuti mng'alu ubisala injini ikazima nutseguka pa citunda. Amange zomangira zonse.

5. Ayang'ane nkhope ya intercooler ndi ya redieta. Njere za udzu, tizilombo ndi matope zichinga mphepo. Zitsukidwe ndi madzi osathamanga kwambiri, kuti timapiko tace tisapindike.

6. Ngati pothawira mpweya sipaoneka, makaniko atseke paipi ku mapeto, apope mpweya pang'ono wosapitirira bar imodzi, nawaze madzi a sopo pa mfundo zonse. Pamene patuluka thovu ndi pomwepo. Mpweya wonse wa makina opopera matayala usalowetsedwe, cifukwa ungathe kuphulitsa intercooler.

7. Aone wastegate. Kapaipi kace kakang'ono kangang'ambike, kandodo kace kangacoke, ndipo kacitseko kangagwidwe ndi dzimbiri kali kotseguka. Kakakhala kotseguka, utsi ulambalala turbo masiku onse ndipo galimoto ikhala ngati ilibe turbo.

8. Asinthe sefa ya dizilo, nakhetse madzi okhala pansi pace. Dizilo wogulidwa m'zigubu za m'mbali mwa msewu kawirikawiri ali ndi madzi ndi zinyalala, ndipo atseka sefa m'masiku owerengeka.

9. Zonsezi zikapezeka bwino, pamenepo acotse paipi ya kukamwa kwa turbo nagwire gudumu ndi zala ziwiri. Liyenera kuzungulira mosalala. Kugwedera pang'ono cam'mbali kulibe kanthu, pakuti oilo palibe injini ikazima, koma mapiko sayenera kukhudza khoma. Likamalowa ndi kutuluka moonekera, kapena mapiko akakhala obenthuka, turbo yatha.

10. Magalimoto a makono ali ndi kompyuta imene icepetsa mphamvu dala ikaona colakwa, niyatsa nyali pamaso pa woyendetsa. Wina aona kuti akazimitsa ndi kulizanso mphamvu ibwerera, nayesa kuti nthenda yatha, koma ibweranso pa citunda cotsatira. Galimoto yotere ipite kwa makaniko wokhala ndi makina owerengera kompyutayo. Nthawi zina colakwa ndi kacipangizo koyesa mpweya kamene kadetsedwa ndi fumbi ndi oilo.

Turbo ikafa, mwini afunse cimene caipha. Turbo yatsopano yoikidwa pa paipi ya oilo yotsekeka, kapena kumbuyo kwa sefa yobooka, idzafa imfa yomweyo.

ZA INJINI ZOSINTHIDWA

Walira mvula walira matope. Mphamvu yoonjezedwa pa injini ibwera ndi kutentha koonjezeka, ndipo wosintha injini ayenera kudziwa zimenezi asanayambe.

Citsanzo cili pa Toyota Land Cruiser, galimoto yodziwika m'misewu ya kumidzi. Mu 1990 kampaniyo inatulutsa injini ziwiri za ukuru umodzi, wa malita 4.2. Ina, yochedwa 1HZ, ilibe turbo. Inzace, 1HD-T, inabadwa nayo. Poyang'ana kunja zifanana, koma m'kati zisiyana. Ya 1HZ ipanikiza mpweya m'malo oyakira moto pafupifupi ka 22, pamene ya turbo ipanikiza pakati pa ka 18 ndi ka 19, ndipo mapisitoni ace ndi kathiridwe ka dizilo nzosiyana. Opangawo anacepetsa kupanikizako dala, podziwa kuti turbo idzaonjeza kwace. Tsono woika turbo pa 1HZ asenzetsa katundu injini imene sinapangidwire katunduyo. Ingathe kupirira ngati mphamvu ya turbo isungidwa yocepa ndi dizilo ayesedwa bwino, koma ikakakamizidwa itentha, ning'amba mutu kapena kuboola pisitoni.

Pali zizolowezi zinai zimene zapha injini zambiri.

Coyamba ndi kupotoza bawuti la pa pampu ya dizilo kuti galimoto ikoke. Ikokadi masiku oyamba, koma dizilo wocuruka pa mpweya womwewo akweza kutentha. Pa nchito yolemetsa utsi wa injini ufika kale madigiri 600 kapena 700, ndipo aluminiyamu, citsulo ca mapisitoni, isungunuka pa madigiri 660. Mapisitoni apulumuka cifukwa oilo ndi mpweya watsopano ziwaziziritsa kosaleka. Dizilo akapyola muyeso pa citunda cacitali, kuziziritsako sikukwanira.

Caciwiri ndi kumanga wastegate ndi waya, kapena kucotsa kapaipi kace, kuti isatseguke. Turbo ithamanga kopyola malire ace, mapaipi aphulika, ndipo gasiketi ya mutu wa injini ipsa. Pa galimoto ya petulo ngozi ikula koposa, pakuti petulo aphulika nthawi isanakwane ndipo injini imveka ngati muli timiyala.

Cacitatu ndi kucotsa bokosi la sefa ndi kuikapo kasefa kapoyera, kapena kuyenda popanda sefa, kuti turbo imveke kulira. Anyamata akonda phokosolo. Koma kasefa kotere kakoka mpweya wotentha wa pafupi ndi injini, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, motero mphamvu icepa m'malo mocuruka. Pa msewu wa fumbi kasefako sikachinga mokwanira.

Cacinai ndi kulumikiza ndi mapaipi a pulasitiki a madzi, ndi kumanga ming'alu ndi malegeni. Mpweya wocoka m'turbo utentha kuposa madzi owira pamene injini ikoka kolimba. Pulasitiki ifewa, malegeni amasuka, ndipo mluzu ubwerera. Kumanga kotere nkofikira nako ku garaji cabe.

Galimoto yosinthidwa ikayamba kufooka, wofufuza ayambe pa cinthu cimene cinasinthidwa potsiriza, pakuti nthenda ikonda kukhala pamene panagwira dzanja la munthu. Aonenso paipi yobweza oilo kucoka ku turbo: iyenera kukhala yaikuru ndi yotsetsereka cotsika, popanda kupindika. Ikapindika oilo abwerera m'mbuyo nalowa m'mapaipi a mpweya, ndipo turbo yabwino iyesedwa yakufa. Mwini galimoto yotere acita bwino kuika mageji awiri, ina yoonetsa mphamvu ya turbo, ina yoonetsa kutentha kwa utsi. Akadziwa pamene singano ziima galimoto ili bwino, adzazindikira nthenda tsiku lomwe yayamba.

NGOZI ZOYENERA KUDZIWIKA

Injini ya dizilo ingathe kuyaka ndi oilo wace womwe. Turbo ikatha kwambiri itaya oilo m'mapaipi a mpweya, ndipo injini iyamba kuthamanga yokha mokuwa, ndi utsi wambiri, osazima ngakhale makiyi acotsedwe. Woyendetsa aponde buleki kolimba, alowetse giya yapamwamba, namasule kilachi kuti injini izime. Kapena atseke polowera mpweya ndi thabwa. Dzanja kapena nsaru zisayandikire pamenepo, cifukwa turbo idzazikoka. Zikalephereka, anthu onse ataye patali.

Pa cifukwa comweco, pambuyo pa kusintha turbo yakufa, intercooler ndi mapaipi onse zitsukidwe ndi kuumitsidwa injini isanalizidwe, kuti oilo wotsalamo asalowe m'injini.

Citsulo ca turbo cikhala cotentha nthawi yaitali injini itazima, ndipo ciwocha kufikira mnofu. Ana asaloledwe kuyandikira. Injini isalizidwe m'nyumba yotseka, pakuti utsi wace upha. Lole ikafooka pa citunda, woyendetsa asinthe giya msanga isanaime. Ikaima, aike miyala kumbuyo kwa magudumu ndi zizindikiro patali, ndipo okwera atsike.

KASUNGIDWE KA TSIKU NDI TSIKU

Zonse zanenedwazi zigwira thirakitala, cigayo ndi makina otongolera cimanga monga zigwira lole. Makina amenewa agwira nchito m'kati mwa mankhusu ndi fumbi tsiku lonse, motero sefa yao ifuna kuonedwa m'mawa uliwonse. Makina aimikidwe kumene kucokera mphepo, kuti mankhusu auluke motalikira injini. Sefa ya pepala igogodedwe pang'ono ndi cikhato. Isamenyedwe pa mwala ndipo isatsukidwe ndi madzi kapena dizilo. Mathirakitala akale okhala ndi mbale ya oilo pansi pa sefa afuna kuti matope a m'mbalemo atayidwe ndi oilo watsopano athiridwe kufika pa mzere wace.

M'mawa injini ikalizidwa isiyidwe mphindi imodzi kapena ziwiri isanapondedwe mafuta, kuti oilo afike ku turbo. Ikacoka pa nchito yolemetsa isazimitsidwe pomwepo. Iyende pang'onopang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu. Ikazima mwadzidzidzi oilo aleka kuyenda pamene citsulo cikali moto, ndipo oilo wotsalamo apsa nasanduka makala. Cizolowezi coponda mafuta kolimba pozimitsa ncoipa koposa, cifukwa turbo itsala ilikuzungulira popanda oilo.

Oilo ndi sefa yace zisinthidwe pa nthawi imene buku la galimoto linena, ndipo m'miyezi ya fumbi zisinthidwe nthawiyo isanakwane. Mwini alembe m'kabuku tsiku, makilomita ndi malita a dizilo. Dizilo akayamba kutha msanga pa ulendo womwewo, kabukuko kadzanena nthenda khutu lisanaimve.

Alimi amene alibe galimoto koma abwereka ya wina ali nalonso gawo lao. Mamembala a kopaletivu apangane ndi mwini lole za ciwerengero ca matumba asanakweze, ndipo asamuumirize kuonjeza kuti ulendo ukhale umodzi. Maulendo awiri ofika aposa umodzi wothera pa Kacholola, matumba ali padzuwa ndi akuba ali pafupi. Madzi akatayika saoleka. Mwezi wa Meyi, zokolola zisanayambe kutuluka m'minda, ndiyo nthawi yoonetsa sefa, mapaipi ndi zomangira kwa makaniko, ndi kugula sefa imodzi yapadera yoyenda nayo.